Kukonza race condition ndi deadlock m'code ya memory ya kernel ya Linux

Makina akajama chifukwa cha maloko (ma lock, oletsa kuti awiri asakhudze chinthu chimodzi nthawi imodzi), maganizo oyamba amakhala owonjezera mutex (loko yemwe womudikira amagona) pamalo amene mukuwakayikira. Musatero. Vutolo limabisala masiku angapo, kenako n'kutulukira kwina litakula. M'gawo la memory zinthu zimavuta kuposa kwina konse chifukwa maloko ambiri amene code yanu imagwira simunawalembe ndinu. `copy_to_user()`, yokopera zinthu kuchoka mu kernel kupita ku pulogalamu, ikhoza kugwira loko. `kmalloc()`, yopemphera memory, ikhoza kukulowetsani mpaka m'maloko a filesystem. Ndipo mukangomasula loko, ngakhale kwa kanthawi kochepa chabe, zonse zimene mumadziwa za tsamba (page, kachigawo ka memory) kapena za VMA (chigawo cha ma adiresi a memory a pulogalamu) zasanduka zakale. Ntchito yagona pa kuwaona maloko obisikawa, ndipo kernel ili ndi zida zokuonetsani.

Race condition imachitika ma CPU awiri akamakhudza chinthu chimodzi popanda dongosolo, moti zotsatira zimadalira amene wafika poyamba. Deadlock ndi kudikirana kosatha: pachitsime mayi wina wagwira chingwe akudikira ndowa, mnzake wagwira ndowa akudikira chingwe, ndipo palibe amene asiye chake. Mu 1971 Edward Coffman ndi anzake anafotokoza zinthu zinayi zimene ziyenera kupezeka pamodzi kuti izi zichitike: chinthu chogwidwa ndi mmodzi yekha, kugwira china uku mukudikira china, kusalandidwa chimene mwagwira, ndi kudikirana kozungulira. Mu kernel timaswa makamaka chachinayicho, poonetsetsa kuti aliyense akugwira maloko motsatira ndondomeko imodzi.

Kuti nkhaniyi igwirike, tiyerekeze kuti mwalemba driver wa sikelo yoyezera matumba a mbatata ya kachewere pamsika wa Lizulu, yolumikizidwa ku Raspberry Pi 4. Driver ameneyu amasunga manambala a kulemera mu buffer yomwe pulogalamu imaiona kudzera mu `mmap()`, komanso ali ndi `ioctl()` yobweza kulemera kwaposachedwa. Tsiku la msika, matumba akachuluka, pulogalamu imangoima, ngakhale `kill -9` osaichotsa.

Konzani poyesera kaye

Musayesere pa laputopu yomwe mukulembera code. Yesani mu QEMU, pulogalamu yoyendetsa kompyuta yongoyerekeza, pomwe kernel ikafa mumangoyatsanso m'masekondi ochepa. M'malo mwa sikelo yeniyeni, ikani hrtimer (timer ya kernel) mu driver kuti izitulutsa manambala ongopeka, mwachitsanzo ka 1000 pa sekondi.

Bandulo ya intaneti ndi yodula, choncho tengani source ndi `git clone --depth 1` kapena fayilo ya tar.xz, yomwe siposa ma megabyte 200. Mbiri yonse ya git imadya ma gigabyte angapo ndipo imafunika pokhapokha mukafuna `git bisect`. Ngati mnzanu ku Dedza kapena ku Lilongwe ali nayo kale, kakopereni pa flashi.

Mangani ma kernel awiri m'mafoda osiyana pogwiritsa ntchito `O=`, chifukwa KASAN (yogwira code yokhudza memory molakwika) ndi KCSAN (yogwira ma race) siziloledwa kukhala mu kernel imodzi:

```
make O=../k1 defconfig kvm_guest.config
scripts/config --file ../k1/.config \
  -e PROVE_LOCKING -e DEBUG_ATOMIC_SLEEP -e DEBUG_VM \
  -e DETECT_HUNG_TASK -e SOFTLOCKUP_DETECTOR -e MAGIC_SYSRQ \
  -e DEBUG_INFO_DWARF5 -e GDB_SCRIPTS -e KASAN
make O=../k1 olddefconfig
make O=../k1 -j4
```

Yachiwiri ikhale chimodzimodzi, koma KCSAN m'malo mwa KASAN. KCSAN imafuna GCC 11 kapena Clang 11 kupita m'mwamba. Mukamaliza `olddefconfig` tsegulani `.config` muone ngati zomwe mwapempha zalowadi, poti chosankha chomwe zofunika zake sizinakwanire chimachotsedwa mwakachetechete. Magetsi akathima muli pakati pomanga, `make` imapitiriza pomwe inalekezera. Ingofufutani mafayilo a `.o` opanda kanthu amene angatsale.

Yatsani motere:

```
qemu-system-x86_64 -enable-kvm -smp 4 -m 768M -nographic -s \
  -kernel ../k1/arch/x86/boot/bzImage -initrd initrd.img \
  -append "console=ttyS0 nokaslr slub_debug=FZP" | tee log.txt
```

Manambala awiri apa ndi ofunika. `-smp 4` ikupatsani ma CPU anayi ngati a Pi, ndipo ndi CPU imodzi mavuto ambiri satuluka n'komwe. Memory yochepa ndi yadala: mavuto oipitsitsa a gawoli amabwera kernel ikayamba kulanda masamba (kuwatenganso memory ikachepa), ndipo makina okhala ndi memory yambiri safika msanga pamenepo. Kumbukirani kuti KASAN yokha imatenga gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu a memory. Ikaninso swap (malo osungirako masamba memory ikadzaza), ngakhale ya ma megabyte 256.

Werengani chizindikiro musanakhudze code

Uthenga wa mu log umakuuzani mtundu wa vuto. "INFO: task ... blocked for more than 120 seconds" ukutanthauza kuti task (pulogalamu kapena thread yomwe ikuyenda) yagona mu state D, kugona komwe signal siikudzutsa, kudikira mutex, rwsem (loko wa owerenga ndi olemba) kapena loko wa tsamba. Ndicho chifukwa chake `kill -9` siigwira. Poyesera tsitsani nthawiyi ndi `sysctl kernel.hung_task_timeout_secs=10` kuti musamadikire mphindi ziwiri nthawi iliyonse. "soft lockup" umabwera CPU ikazungulira mu kernel kupitirira masekondi 20 osapatsa mpata ena, ndipo apa kayikirani spinlock (loko yemwe womudikira amazungulira osagona) kapena loop yobwereza kosalekeza. Adiresi yodzaza ndi `6b6b6b6b` ndi chizindikiro chomwe SLUB, yogawa memory mu kernel, imalemba m'memory yomasulidwa: wina akugwiritsabe ntchito chinthu chomwe mnzake wachimasula kale. "Bad page state" ndi "Bad rss-counter state" amaloza ku kuwerengera kolakwika kwa masamba, kawirikawiri chifukwa ma CPU awiri achita ntchito imodzi kawiri.

Makina akadali kuyankha, lembani `echo w > /proc/sysrq-trigger` kuti muone ma task onse ogona mu D, `d` kuti muone maloko onse ogwidwa ndi eni ake, ndi `l` kuti muone pomwe CPU iliyonse yotanganidwa ili. Akajamiratu, tsegulani `gdb vmlinux`, lembani `target remote :1234`, kenako `thread apply all bt`. Mu QEMU CPU iliyonse imaoneka ngati thread, ndipo `lx-dmesg` imatulutsa log yomwe sinafike pa console. Sinthani ma adiresi kukhala mizere ya code ndi `scripts/decode_stacktrace.sh vmlinux < log.txt`.

Task yoyamba kudandaula nthawi zambiri si yolakwa. Imangokhala pamzere. Tsatani kuchokera kwa iyo: ikudikira loko uti, wagwidwa ndi ndani, ameneyo akudikira chiyani, mpaka mubwerere pomwe munayambira.

Loko wobisika woyamba: page fault

Lockdep (chida chofufuza maloko, choyatsidwa ndi PROVE_LOCKING), yomwe Ingo Molnar anailowetsa mu kernel 2.6.18 mu 2006, siyembekezera kuti deadlock ichitike. Imalemba kuti loko wa gulu ili anagwidwapo pamene wa gulu lina anali kale m'manja, ndipo ikangoona ndondomeko yobwerera m'mbuyo imakuwa, ngakhale njira ziwirizo zitayenda motalikirana ndi ola lathunthu. Choncho simufunika mwayi. Mungofunika kuyendetsa njira iliyonse ya driver kamodzi.

Driver wa sikelo ali ndi izi:

```
/* ioctl */
mutex_lock(&s->loko);
ret = copy_to_user(arg, &s->kulemera, sizeof(s->kulemera));
mutex_unlock(&s->loko);

/* mmap */
mutex_lock(&s->loko);
ret = remap_vmalloc_range(vma, s->buf, 0);
mutex_unlock(&s->loko);
```

Poyang'ana, pali loko mmodzi yekha. Koma kernel imaitana function yanu ya mmap itagwira kale `mmap_lock` (loko woteteza ma VMA a pulogalamu) polemba, ndiye ndondomeko ya njira imeneyi ndi `mmap_lock` kenako `s->loko`. Mu ioctl, ngati tsamba la pulogalamu lomwe `arg` ikuloza mulibe m'memory, kaya linapita ku swap kapena silinakhudzidwepo, `copy_to_user()` imayambitsa page fault (kuima kuti kernel ibweretse tsambalo), ndipo fault ikhoza kufuna `mmap_lock` powerenga. Apa ndondomeko yatembenuka: `s->loko` kenako `mmap_lock`. Ma thread awiri a pulogalamu imodzi akakumana pakati, zatha. Tsiku la msika memory imapanikizika, masamba amachotsedwa, ndipo fault yomwe simachitika masiku ena imachitika.

Lipoti la lockdep limayamba ndi "possible circular locking dependency detected". Pitani kaye m'munsi mwake pomwe pali mizati iwiri ya CPU0 ndi CPU1, chifukwa pamenepo ndi pomwe pali chithunzi chonse. Kenako bwererani ku mndandanda wa `#1` ndi `#0`: `#0` ndi chimene chikuchitika tsopano, `#1` ndi pomwe ndondomeko inayo inaonedwa koyamba. Mu chitsanzo chathu mudzaona `__might_fault` mu umodzi wa mindandandayi, kusonyeza kuti lockdep yawerengera fault yomwe ikanatha kuchitika ngakhale sinachitike. Dziwaninso kuti lockdep ikapereka lipoti limodzi imadzizimitsa. Konzani loyambalo, yatsaninso, ndipo mwina mupeza lachiwiri kumbuyo kwake.

Kukonza kwake n'kwapafupi:

```
mutex_lock(&s->loko);
k = s->kulemera;
mutex_unlock(&s->loko);
ret = copy_to_user(arg, &k, sizeof(k));
```

Za `copy_from_user()` chitani mosemphana: koperani musanagwire loko, kenako gwirani, fufuzani ngati zomwe mwalandira zikugwirizanabe ndi momwe zinthu zilili. Pomwe kukopera kuyenera kuchitika loko ali m'manja, onani momwe `generic_perform_write()` mu `mm/filemap.c` imachitira. Imakopera page fault itatsekedwa, ndipo kukopera kukalephera imamasula tsamba, kukoka masamba a pulogalamu ndi `fault_in_iov_iter_readable()` popanda loko wa tsamba, n'kubwereza.

Kuyambira kernel 6.4 ya 2023, ma fault ambiri amagwira loko wa VMA imodzi m'malo mwa `mmap_lock`, dzina lomwe linalowa m'malo mwa `mmap_sem` mu 5.8. Izi zachepetsa kuchuluka kwa kujama kotere koma sizinakuthetse, chifukwa njira yatsopanoyo ikalephera fault imabwerera ku `mmap_lock`. Vuto losowa kuoneka ndi loopsa kuposa loonekera tsiku ndi tsiku, choncho lipoti la lockdep musalinyoze poti makina sanajamepo.

Pali njira zina zomwe zimangotseka pakamwa pa lockdep: `lockdep_off()`, `mutex_lock_nested()` yoikidwa popanda chifukwa, kapena `mutex_trylock()` yozunguliridwa mu loop. Yomalizayi ndi deadlock yomweyo, kungoti tsopano ikudya CPU. `mutex_lock_nested()` ndi yoyenera pokhapokha mukugwira maloko awiri a gulu limodzi ndipo muli ndi lamulo lenileni la woyamba, monga kholo kenako mwana, kapena wa adiresi yaing'ono poyamba.

Ngati mukusintha code ya mu `mm/` yeniyeniyo, ndondomeko inalembedwa kale pamwamba pa `mm/rmap.c`. Mwachidule: `i_rwsem` wa inode, `mmap_lock`, `invalidate_lock`, loko wa folio (tsamba kapena gulu la masamba), `i_mmap_rwsem`, `anon_vma->rwsem`, kenako loko wa page table (ndandanda wolumikiza ma adiresi ndi masamba). Kutsika n'kololedwa, kukwera ayi. Mukakhala pansi n'kufuna loko wa m'mwamba, muli ndi njira ziwiri zokha: trylock yomwe ikalephera mumasiya ntchitoyo, kapena kutenga reference, kumasula wapansi, kugwira wam'mwamba, kugwiranso wapansi ndi kufufuza zonse mwatsopano. Werengani ndondomekoyi mu source ya kernel yanu, poti imasintha pakapita zaka.

Loko wobisika wachiwiri: kupempha memory

`kmalloc(n, GFP_KERNEL)` ikapeza kuti masamba achepa siimangolephera. Task yanu yomweyo imatumidwa kukalanda masamba: kuitana ma shrinker (ma function obweza memory kernel ikaifuna), kulemba ku swap, kulowa m'code ya filesystem, zonsezi maloko anu ali m'manja. Tinene kuti driver wa sikelo amasunga manambala akale m'memory ndipo analembetsa shrinker yowataya memory ikachepa. Shrinker imagwira `s->loko`. Penapake mwapempha memory ndi GFP_KERNEL mutagwira `s->loko` yemweyo. Apa simufunika ngakhale CPU yachiwiri: task ikudzidikira yokha. Mu lipoti la lockdep vuto la mtundu uwu mulizindikira ndi dzina `fs_reclaim`, lomwe si loko weniweni koma chizindikiro choimira kulanda masamba.

Njira yabwino koposa ndi kupempha memory musanagwire loko, ndipo mukapeza kuti wina wakutsogolerani, masulani yanuyo. Yachiwiri ndi kuika `mutex_trylock()` mu shrinker n'kubweza `SHRINK_STOP` ikalephera. Apa trylock ndi yoyenera chifukwa shrinker ili ndi ufulu wobwerera chimanjamanja. Kwa code ya filesystem kapena ya block device, zungulirani chigawo chonse ndi `memalloc_nofs_save()` ndi `memalloc_nofs_restore()`, kapena anzake a noio. Izi zimaposa kulemba GFP_NOFS pamzere umodzi, chifukwa ma function omwe mukuwaitana akhoza kupempha memory yawo mkati ndi GFP_KERNEL inu osadziwa. Koma musaganize kuti GFP_NOFS imaletsa shrinker yanu kuitanidwa. Shrinker iyenera kuyang'ana yokha `sc->gfp_mask`.

GFP_ATOMIC si mankhwala a vuto ili. Imatapa m'nkhokwe yaing'ono yosungira nthawi yamavuto, imalephera kawirikawiri, ndipo njira yanu yolandirira kulepherako mwina sinayesedwepo. Yesani njirayo ndi `failslab` ndi `fail_page_alloc` za CONFIG_FAULT_INJECTION.

Mukagwira spinlock musagone: pasakhale GFP_KERNEL, mutex kapena `copy_to_user()`. DEBUG_ATOMIC_SLEEP imanena "sleeping function called from invalid context" ikakugwirani. Ndipo spinlock yomwe interrupt ya sikelo imagwiranso iyenera kugwidwa ndi `spin_lock_irqsave()` kwina konse, apo ayi interrupt idzafika pa CPU yomwe yagwira kale loko n'kuzungulira mpaka kalekale.

Code yomwe kulanda masamba kumadalira, monga driver wa disk ya swap, ili ndi lamulo lolimba: iyenera kutha ntchito ngakhale memory itatheratu. Isungireni zinthu zake mu mempool, ndipo workqueue yake ikhale ndi `WQ_MEM_RECLAIM` kuti ikhale ndi thread yake yokonzeka kale. Kernel yeniyeniyo inavutikapo ndi zofanana: pulogalamu yosankhidwa kuphedwa memory ikatha inkatha kujama isanamasule memory yake, ndipo ndicho chifukwa OOM reaper, thread yomasula memory ya pulogalamu yotere, inalowa mu 4.6 mu 2016.

Race condition: mukamasula loko, fufuzaninso

Pafupifupi race iliyonse ya mu gawoli imaoneka motere: mwaona chinthu, mwamasula loko kuti muchite ntchito yogona, mwagwiranso loko, n'kupitiriza ngati palibe chasintha. Code yabwino ya mu `mm/` ili ndi mayankho ake, ndipo ndi bwino kuwaloweza pamtima.

Pa page table, fault imasunga mtengo (value) wa PTE (cholembedwa chimodzi cha mu page table) poyamba, imamasula loko kuti ipemphe tsamba kapena iwerenge swap, kenako imagwiranso ndi `pte_offset_map_lock()` n'kufananiza ndi `pte_same()`. Zikasiyana, wina wagwira kale ntchitoyo: masulani tsamba lanu, bwererani. Kuyambira 6.5 `pte_offset_map_lock()` ikhoza kubweza NULL ngati page table yachotsedwa, ndipo code yakale yomwe siifufuza izi imagwa.

Pa page cache, mukapeza folio pansi pa RCU (njira yowerengera popanda kugwira loko), tengani reference ndi `folio_try_get()`, yomwe imakana ngati chiwerengero chafika kale pa 0, kenako onani ngati folioyo idakali pamalo pomwe munaipeza. Mukaigwira ndi `folio_lock()`, fufuzani `folio->mapping`, chifukwa truncate ikhoza kuichotsa mu fayilo pamene mumadikira.

Pa VMA, pointer imafa mukangomasula `mmap_lock`. Ipezeninso ndi `vma_lookup()`. Ndipo `handle_mm_fault()` ikabweza `VM_FAULT_RETRY`, loko wamasulidwa kale m'malo mwanu, ndiye kumasulanso kapena kukhudza VMA ndi kulakwa. Pa `mm_struct` ya pulogalamu ina, `mmgrab()` imangosunga struct, pomwe ma page table amasungidwa ndi `mmget_not_zero()` kapena `get_task_mm()`. Masamba a pulogalamu omwe chipangizo chidzalembamo ndi DMA (kulemba m'memory mosadzera pa CPU) agwireni ndi `pin_user_pages()`, yomwe inabwera mu 5.6.

Dirty COW, CVE-2016-5195, ndi phunziro lokwanira pa mfundoyi. Pulogalamu inkatsegula fayilo yomwe ilibe chilolezo cholembamo, kuiika m'memory ndi MAP_PRIVATE, n'kulemba kudzera mu `/proc/self/mem`. `get_user_pages()` inkayambitsa fault yomwe inkapanga kope lapadera la tsambalo, kenako inkachotsa `FOLL_WRITE` poganiza kuti kope lilipo tsopano, n'kubwereza kufufuza. Pakati pomwepo thread yachiwiri inkaitana `madvise(MADV_DONTNEED)` n'kutaya kopelo. Kufufuza kwachiwiri, komwe kunaiwala kale kuti cholinga n'kulemba, kunkabweza tsamba lenileni la fayilo, ndipo munthu wamba ankatha kulemba m'fayilo ya root. Vutoli linakhala mu kernel kuyambira 2007. Linus Torvalds polikonza mu October 2016 sanawonjezere loko. Anasiya `FOLL_WRITE` pamalo pake, anaika `FOLL_COW`, ndipo code inayamba kufufuza PTE yeniyeniyo m'malo modalira zomwe inaona kale.

Mu 2023 StackRot, CVE-2023-3269, yomwe inakhudza 6.1 mpaka 6.4, inaonetsa mbali ina. Kukulitsa stack kunkasintha maple tree, mtengo wosungira ma VMA, `mmap_lock` atagwidwa powerenga pokha, ndipo wowerenga wina ankatha kutsala ndi node yomasulidwa. Kukonza kwake kunali kugwira loko polemba musanakulitse. Loko wowerenga si chilolezo chosintha kanthu, ngakhale kusinthako kukuoneka kochepa.

Ndondomeko ya zochita nayo ndi yofunika ngati maloko. Pochotsa tsamba: fufutani PTE, tsukani TLB (pomwe CPU imasungira ma PTE omwe yangogwiritsa ntchito), ndiye mumasule tsambalo. Mukamasula musanatsuke, CPU ina imapitiriza kulemba m'tsamba lomwe lapatsidwa kale kwa pulogalamu ina, ndipo chivundi chake chimaonekera kutali ndi code yanu. Poika tsamba: dzazani zamkati, ikani barrier (choletsa CPU kusinthanitsa ndondomeko ya zolemba ndi zowerenga), ndiye mulionetse kwa ena.

Apa ndi pomwe kuyesera pa laputopu kumanyenga. CPU ya x86 siisinthanitsa ndondomeko ya zolemba ziwiri, koma ya arm64 ngati ya mu Pi ikhoza kutero. Ngati interrupt ya sikelo ilemba kulemera mu buffer kenako n'kukweza `head` ndi `s->head++` wamba, pa laputopu zonse ziyenda bwino, koma pa Pi wowerenga akhoza kuona `head` yatsopano ndi kulemera kwakale: thumba la mlimi wina kulembedwa ndi kulemera kwa thumba la mnzake. Wolemba agwiritse ntchito `smp_store_release(&s->head, n)`, wowerenga `smp_load_acquire(&s->head)`, ndipo pulogalamu yowerenga kudzera mu `mmap()` ichitenso chimodzimodzi ndi `__atomic_load_n()` ya `__ATOMIC_ACQUIRE`. Barrier ya mbali imodzi siiteteza kanthu. Pambali pa barrier iliyonse lembani comment yotchula mnzake.

KCSAN, yomwe inalowa mu 5.8, imathandiza kupeza malo otere. Imaima pang'ono pa kuwerenga kapena kulemba kosankhidwa mwapatalipatali n'kuona ngati CPU ina yakhudza adiresi yomweyo. Lipoti lake limati "data-race in" ndi ma function awiri, ndipo nthawi zina limaonetsa mtengo wakale ndi watsopano. Poti imasankha mwapatalipatali, isiyeni iyende nthawi yaitali. Musathamangire kuphimba lipoti ndi `READ_ONCE()` kapena `data_race()`. Zimenezi n'zoyenera ngati mtengo wakale sungaononge kanthu, monga pa chiwerengero chongoonetsa. Ngati mukusankha chochita potengera mtengowo, mukufunika loko kapena atomic.

Tsimikizani kuti mwakonzadi

Musanasinthe code, lembani papepala mizati iwiri, CPU0 ndi CPU1, mzere ndi mzere mpaka pomwe zinthu zaonongekera. Ngati simungathe kulemba zimenezi, vutolo simunalimvetse, ndipo chilichonse mungasinthe ndi kungoyerekeza.

Kenako kulitsani mpata. Pakati pa mizere iwiri yomwe mukuikayikira ikani `msleep(10)` ngati pamaloledwa kugona, kapena `mdelay(1)` ngati spinlock ili m'manja. Lembani pulogalamu yaing'ono ya ma thread awiri, ina izungulire pa `ioctl()` ndi buffer yomwe yangotayidwa ndi `MADV_DONTNEED`, ina pa `mmap()` ndi `munmap()`, iliyonse pa CPU yake ndi `pthread_setaffinity_np()`. Pambali yendetsani `stress-ng --vm 2 --vm-bytes 80%` kuti memory ipanikizike. Ngati maganizo anu ali olondola, vuto lomwe limabwera kamodzi pa sabata lidzabwera m'masekondi. Likapanda kubwera, mpata suli pomwe mukuganiza. Bwererani ku pepala.

Pofufuza pewani `printk()`. Imachedwetsa code, makamaka pa serial console, mpaka race n'kubisala. `trace_printk()` imalemba m'buffer ya CPU iliyonse mwachangu, ndipo `ftrace_dump_on_oops` pa command line ya kernel imaitulutsa kernel ikagwa.

Mukakonza, musachotse kaye kuchedwetsa kuja. Yendetsani mayeso omwewo kuchulukitsa kakhumi nthawi yomwe vuto linkatenga kuti lioneke, pa kernel ya KASAN ndi ya KCSAN, kenako muchotse `msleep()` n'kubwereza. Ngati mwakhudza `mm/`, yendetsaninso mayeso a mu `tools/testing/selftests/mm`. Pa `git bisect` samalani: race yosatuluka pa ulendo umodzi ikhoza kukunamizani kuti commit ndi yabwino, ndipo yankho limodzi lolakwika limasocheretsa kufufuza konse. Musayambe bisect musanakhale ndi mayeso ogwetsa kernel nthawi zonse.

Lamulo lomwe mwalipeza lisakhale m'mutu mwanu mokha. Ikani `lockdep_assert_held(&s->loko)` m'ma function ofuna loko, `mmap_assert_write_locked()` pomwe mukusintha VMA, ndi `might_alloc(GFP_KERNEL)` pamwamba pa function yomwe imapempha memory mwa apo ndi apo, kuti lockdep ione njirayo ngakhale tsiku lomwe sinapemphe. Mu uthenga wa commit koperani mizati iwiri ija, ikani lipoti la lockdep kapena la KASAN mutachotsamo mizere yosafunika, ndi mzere wa `Fixes:` wokhala ndi zilembo zosachepera 12 za commit yomwe inabweretsa vuto. `scripts/get_maintainer.pl` idzakuuzani oyenera kuona kusinthako.

Pomaliza mangani kernel ya arm64 yokhala ndi PROVE_LOCKING ndi KASAN, muiike pa Pi yeniyeni, mulumikize waya wa serial ku GPIO 14 ndi 15 pa liwiro la 115200 kuti log isatayike makina akajama, ndipo muyendetse pulogalamu ya ma thread awiri ija usiku wonse sikelo isanabwerere kumsika. QEMU ya x86 siingakuonetseni barrier yosowa.